Mnyamata Amene Anandikaniza Kukwera Sapitwa

Ndine woyang'anira depoti ya kampani ina yonyamula katundu ku Limbe. Pansi panga pali madalaivala, amakaniko, makalaliki ndi alonda, ndipo kwa zaka zambiri ndinkanyadira kuti pa depoti yanga panalibe zodandauladandaula. M'mawa uliwonse ndinkaima pakhomo la galaja, kapu ya tiyi ili m'manja, n'kufunsa kuti, "Pali vuto?" Onse ankayankhira pamodzi kuti, "Palibe, bwana." Ndinkabwerera mu ofesi mtima uli m'malo. Akuluakulu a kulikulu ankanditchula pamisonkhano, chifukwa malole anga ankanyamuka pa nthawi yake ndipo malipoti anga ankakhala oyera. Umboni wanga ndi wa mmene ndinadziwira kuti bata limenelo linali mantha, ndi za anthu awiri amene mantha amenewo anawapweteka.

Musaganize kuti ndinali bwana wosaphunzira. Maphunziro a utsogoleri ndakhalapo ambiri, ku Mangochi, ku Salima, m'mahotela a m'mbali mwa nyanja aja amene mumasainira alawansi musanamve n'komwe mutu wa nkhani. Kujambula mabokosi ndi mivi pa chipepala chomata pakhoma ndimakutha. Pa phunziro la kumvetsera antchito anandipatsa satifiketi. Vuto la maphunziro amenewa ndi lakuti umalowamo uli bwana n'kutulukamo uli bwana. Wophunzitsayo walipidwa ndi kampani yako, anzako m'chipindamo akusunga ulemu wawo monga iwe ukusungira wako, ndipo akakufunsa kuti utchule chofooka chako umasankha chokoma m'khutu: ine vuto langa ndi kulimbikira ntchito mopitirira muyeso.

Za phiri anabwera nazo ndi adokotala. Atandiyeza BP anayang'ana mimba yanga n'kunena kuti ndiziyenda. Mnzanga wina wa kusekondale, amene pano amawerengera ndalama pa kampani ina ku Blantyre, anandilowetsa m'kagulu kawo koyenda m'mapiri Loweruka: Michiru, Soche, Ndirande. Ambiri m'kagulumo anali mabwana kumene amagwira ntchito. Munali mayi wina woyang'anira nthambi ya banki, ahedi a sukulu ina yapulaiveti, ndi mkulu wina woona zogula katundu m'bungwe lina. Nyengo yozizira itafika anapangana za Mulanje. Sankanena zongofika pa Dziwe la Nkhalamba n'kujambulitsa ayi, ankanena Sapitwa yeniyeniyo, mamita 3,002, nsonga yoposa zonse m'Malawi muno. Ine ndinavomera msanga. Ndinkati munthu woyendetsa malole ambirimbiri sangalephere kuyendetsa miyendo iwiri.

Tinadzera msewu wa Midima, n'kukhota pa Chitakale mpaka ku Likhubula, kumene okwera phiri amalembetsa ndi kupezako magaidi ndi onyamula katundu. Gaidi wathu anali mnyamata wa m'mudzi wina wa m'tsinde mwa phirilo, msinkhu wa mwana wanga woyamba, wochepa thupi, atavala nsapato zapulasitiki zimene ine sindikanalola mlonda wanga kubwera nazo kuntchito. Atatipatsa moni anayamba kunyamula chikwama cha aliyense, kuyesa kulemera kwake ndi dzanja. Changa anachigwira kanthawi ndithu.

"Bambo, ichi timupatse mnyamata mmodzi anyamule."

Ndinakana. Ndalama ya wonyamulayo si imene inandivuta. Ndinali nditaona mayi wa kubanki uja akubereka chake yekha. Gaidiyo anayang'ananso nsapato zanga, zatsopano, zogula dzulo lake, koma sananenepo kanthu.

Njira ya Skyline yopita ku Chambe ilibe chisoni, imangoyamba ndi chitunda n'kupitiriza ndi chitunda. Mbali imeneyi ya phiri ndi imene amathamangako pa mpikisano wa Porters Race chaka ndi chaka, kukwera ku Chambe, kudutsa cha ku Lichenya n'kutsikiranso ku Likhubula, makilomita opitirira 20, ndipo opambana samatha n'komwe maola atatu. Ife tinkakumana ndi amayi akutsika ndi mitolo ya nkhuni pamutu, ena opanda nsapato, akutipatukira mwaulemu ife amene tinali wefuwefu ndi ndodo zathu zogula m'sitolo. Dzuwa lisanafike pamutu, zidendene zanga zonse ziwiri zinali zitachita matuza ndipo bondo lamanzere linali litayamba kubaya. Mnzanga wa kusekondale uja ankacheuka pafupipafupi.

"Muli bwino, achimwene?"

"Ndili bwino kwambiri. Tiyeni."

Ndinayankha choncho tsiku lonse, kwa aliyense amene anafunsa. Gaidi yekha ndiye sanandifunse. Anangondiitana kuti ndiziyenda pambuyo pake penipeni, ati pali zina akufuna azindionetsa. Mpweya ukangondithera, iye ankaima n'kunena kuti, "Taonani chigwa cha Phalombe uko," ndipo tonse tinkaima kuyang'ana chigwa. Pena anati chikwama chake chapendekeka, chikufunika zolemera kuti chikhale bwino pamsana, n'kutenga zitini ndi botolo lalikulu la madzi m'chikwama changa. Titafika pa kamtsinje kena anati pamenepo aliyense amavula nsapato n'kuviika mapazi m'madzi. Tonse tinavula. Anayang'ana mapazi a aliyense, anamata pulasitala pa chala cha ahedi chimene chinalibe vuto lenileni, kenako anafika pa zidendene zanga, zimene zinali zitasupuka kale. Anazipukuta, kuzimata, n'kupita kwa wina osakweza n'komwe maso.

Madzulo ake pa kanyumba ka ku Chambe ndinamupeza panja akutsuka poto, ndipo ndinamufunsa kuti anadziwa bwanji.

"Munthu wamkulu sitimufunsa ngati watopa, bambo," anatero. "Ayankha kuti ayi. Akatero amayamba kuyenda moti atsimikize ayi wakeyo, mpaka kugwa. Ine ndimangoona mapondedwe. Munthu akayamba kupondera zala, ndiye kuti chidendene chavuta. Wanthabwala akasiya nthabwala, mpweya wamuthera. Inu munasiya kulankhula tisanamalize chitunda choyamba."

Ndinaseka, koma mawuwo anandikhala. Mnyamata amene sanakhalepo m'chipinda cha hotela kuphunzira za utsogoleri ankadziwa kuti pali funso limene yankho lake limadziwika usanafunse, ndipo wofunsa funso lotero safuna kudziwa kanthu. Ine ndinali nditafunsa funso lotero m'mawa uliwonse pakhomo la galaja. Ndipo tsiku limenelo ndinali nditalawa mbali inayo: kumva ululu, kudziwa kuti ukanena uoneka wofooka, n'kumwetulira kuti zonse zili bwino. Ine ndinkangoteteza ulemu pamaso pa anzanga. Antchito anga ankateteza malipiro a pamwezi.

Anthu amandifunsa kuti n'chifukwa chiyani maganizo otere amabwera kuphiri, osati pa khonde la kunyumba. Ndikuona kuti n'chifukwa cha mmene kuyendako kumakhalira. Njira ndi yopapatiza, mumayenda mondondozana, nkhope ya mnzako suiona. Mpweya wocheza ulibe. Netiweki imapezeka mwa apo ndi apo, foni imangokhala tochi. Maola oyamba mutu umathamangira kuntchito: imelo ija sindinayankhe, lole ija yafika kodi? Kenako zimenezo zimatha, chifukwa palibe chimene ungachitepo. Umayamba kuwerenga mapazi. Ukatopa ndi kuwerengako, m'mutu mumatsala malo, ndipo zimene zimabwera m'malo amenewo ndi zija unakhala ukuzikankhira kumbali ndi kutanganidwa. Ku ofesi, maganizo oipa akangoyamba kusuzumira, umaitana kalaliki kapena kuimba foni. Pakati pa Chambe ndi Chisepo ulibe womuitana.

Pa ulendo wa tsiku lotsatiralo chikwama changa ndinachipereka kwa wonyamula, ndipo palibe amene anaseka. M'malo ena gaidi ankatilozera zitsa. Unali mkungudza wa ku Mulanje, mtengo umene a Kamuzu Banda anaulengeza kuti ndi mtengo wa fuko mu 1984, umene mwachilengedwe umamera paphiri limeneli pokha. Phirili ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira 1927, koma pamene akatswiri anawerenga mu 2017 anapeza mitengo yaikulu isanu ndi iwiri yokha. A Mulanje Mountain Conservation Trust ndi anthu a m'midzi yozungulira akhala akubzala mbande zatsopano, ndipo zina tinaziona, zofika m'chiuno. Mkulu woona zogula katundu uja anaima pa chitsa china nthawi yaitali, kenako anati bokosi la mkungudza limene lili kuchipinda kwake analigula pamsewu, ndipo sanafunse kumene thabwalo linachokera, chonsecho ntchito yake ya tsiku ndi tsiku ndi kufunsa kumene katundu wachokera. Palibe anamuyankha. Tinapitiriza ulendo.

Kanyumba ka Chisepo kali m'tsinde mwa Sapitwa, pamtunda wopitirira mamita 2,000, ndipo usiku wa mwezi wa Julaye kumazizira kolowa m'mafupa. Mlonda wa pamenepo anatikolezera moto. Tinadya nsima ndi soya, n'kuyala matiresi pansi mondondozana ngati usipa woyanika pathandala: bwana wa banki apa, ahedi apo, fungo la masokosi paliponse. Tulo tisanabwere, mayi wa kubanki uja anayamba kulankhula, maso ali kudenga. Anati pa nthambi yake panali mtsikana wina amene iye ankamukonda kwambiri, ndipo mtsikanayo anakhala akusokoneza ndalama kwa miyezi. Anzake onse ankadziwa. Palibe anamuuza, chifukwa ankati ndani anganenere mwana wa bwana. Ahedi anati aphunzitsi awo abwino amachoka osatsanzika, amangotumiza uthenga pafoni tchuthi chikatha, ndipo iwo anakhala akunena kuti achinyamata a masiku ano alibe mwambo, mpaka mkazi wawo anawafunsa kuti ndi liti pamene mphunzitsi analowa mu ofesi yawo n'kupatsidwa mpando.

Nkhani zoterezi sindinazimvepo pa maphunziro alionse, chonsecho anthu ake ndi omwewa. Kusiyana kwake n'kwakuti pamenepa tinali titaonana kale tikukwawa, tikutsetsereka ndi matako, wina akusanza kuseri kwa mwala. Ulemu woti n'kuuteteza unali utatsala wochepa. Panalibe wolemba maminitsi, panalibe wa kampani yako woti akanene. Palibenso amene ankapereka malangizo. Wina akamaliza, mnzake ankangoyamba yake. Itafika nthawi yanga ndinanena za funso langa la pakhomo la galaja, anthu n'kuseka. Nkhani yeniyeni ndinaisunga.

Tinanyamuka kusanache. Kukwera Sapitwa si kuyenda, ndi kukwawa. Umayamba ndi matanthwe osalala opendekeka, pena mpaka kugwira ndi manja, kenako umalowa m'miyala ikuluikulu younjikana, kupyola pansi pa ina chogwada, kufinyika pakati pa ina cham'mbali. Njira imadziwika ndi madontho a utoto wofiira pamiyala. Bondo langa linali litatupa, koma mtima unali pamwamba. Tinali titakwera maola angapo pamene gaidi anaima n'kuyang'ana kum'mwera chakum'mawa. Ine ndinkangoona mtambo woyera uli patali, kumwamba kwathu kuli mbee. Iye anayang'ana kanthawi, anayang'ana ife mmodzimmodzi, n'kunena kuti, "Chiperoni chikubwera. Tibwerere."

Chiperoni tonse a kum'mwera timachidziwa, kamvula kozizira kaja kobwera ndi mphepo yochokera ku Mozambique. Ku Limbe chimangotanthauza kuvala juzi. Ndinamufunsa kuti kwatsala mtunda wotani. Anati ndi mayendedwe athuwo, ola limodzi ndi kanthu. Pamenepo ndi pamene bwana wa depoti anadzuka mwa ine.

"Iwe mnyamata, ukudziwa kumene tachokera? Tasiya ntchito, talipira ndalama. Kamtambo ako kakuti tibwerere? Tiyeni tifulumire, tifika kasanafike."

"Kufika mwina tifika, bambo. Vuto ndi kutsika. Thanthwe lija likanyowa silipondeka, ndipo utoto suoneka."

"Ndayendetsa anthu ambiri kuposa amene iwe wawaona. Ntchito siyenda ndi mantha. Ukatibweza pano, za kangachepe kako uiwale, ndipo ndikakunenera."

Anzanga anangoti zii. Mnyamatayo sanakweze mawu, sanagwetsenso nkhope.

"Ndamva, bambo. Mukafika ku Likhubula mukanene, ndikakuperekezani ndine ku ofesiko. Koma ine sindipitirira pano ndi anthu."

Anatembenuka n'kugwira dzanja la ahedi kuwathandiza kutsika mwala woyamba. Enawo anatsatira. Ine ndinaima ndekha, mtima ukuwira, ndikuyang'ana kumtunda. Ndinafunafuna dontho lofiira lotsatira, osaliona. Ndinatsika chifukwa cha chimenecho basi. Nzeru panalibepo.

Nkhungu inatipeza tisanafike pamatanthwe aja. Munthu wa patsogolo pako ankangooneka chithunzithunzi, ndipo mbali yomaliza tinaitsika chokhala pansi, gaidi akutiuza poika phazi mmodzimmodzi. Mwina tikanapitirira tikanafika n'kubwerako amoyo, ena amatero. Koma usiku umenewo ku Chisepo anatifotokozera za Gabriel Buchmann, mnyamata wa ku Brazil wophunzira zachuma amene mu Julaye 2009 anasiya gaidi wake n'kukwera yekha. Nyengo inasintha, ndipo thupi lake linapezeka patatha milungu. Nkhani yake anaipangira filimu mu 2017. Ananenanso za Linda Pronk wa ku Netherlands, amene anasowa pa Sapitwa mu 2003 ndipo sanapezeke. Akuluakulu a m'midzi ya kumeneko amanena za mizimu ya m'phirimo, ndipo ine sinditsutsana nawo. Koma ngakhale wosakhulupirira mizimu akhoza kumvetsa zimene kuzizira kumachita kwa munthu wonyowa amene wataya njira.

Sindinagone. Sikuti ndinkaganiza za imfa. Chimene chinkandibwerera chinali mawu anga a pathanthwe paja, kamvekedwe kake, chifukwa ndinali nditawamvapo kale akutuluka m'kamwa mwanga momwemo.

Zaka zingapo m'mbuyomo tinali ndi katundu wopita ku Chikwawa, wochedwa kale, mwini wake akuimba foni kulikulu. Dalaivala amene anayenera kupita anali bambo wachikulire, wofatsa, mmodzi mwa akalekale pa depoti. Anabwera pakhomo la ofesi yanga chipewa chili m'manja, n'kunena kuti, "Bwana, galimotoyi mabuleki ake akundimvekera mwina. Bwanji amakaniko aione kaye?" Kuiona kukanatenga tsiku. Ndinamufunsa ngati yalephera kuima. Anati ayi, ikuima, koma. Ndinamudula pa "koma" pomwepo. Ndinamuuza kuti ntchito siyenda ndi mantha, kuti ngati watopa ndi ntchito anene, anyamata ofuna ntchito ali mbwee pageti. Anati, "Chabwino, bwana," n'kuvala chipewa.

Amene anatsikapo msewu wochoka ku Blantyre kupita kuchigwa cha Shire akudziwa mmene ulili: kutsetsereka kwa makilomita ambiri, makona okhota motsatizana, phompho m'mbali. Lole yodzaza imadalira mabuleki njira yonseyo, ndipo akatentha amafooka. Pa kona ina lole inakana kuima. Dalaivalayo anaiwongolera kukhoma la phiri m'malo mwa kuphompho, ndipo mwina ndi chimene chinawapulumutsa. Iye anatuluka ndi mabala ochepa. Mnyamata womuthandiza pa loleyo anathyoka mwendo moipa.

Lamulo la ntchito la mu 2000 limati munthu asachotsedwe popanda chifukwa chomveka komanso asanapatsidwe mwayi wodziteteza. Zonsezo tinazitsata. Panali kumva mbali zonse, panali mapepala. Koma lipoti lopita kwa omva nkhaniyo ndinalemba ndine, ndipo munalembedwa za liwiro ndi kusagwiritsa bwino ntchito magiya potsika. Za kubwera kwake pakhomo la ofesi yanga munalibe. Atafunsidwa ngati ali ndi chonena, anandiyang'ana kamodzi, n'kunena kuti alibe. Anachotsedwa ntchito. Akanatha kupita ku khoti la nkhani za apantchito, koma sanapite. Ine ndinadziuza kuti sananene momveka, kuti akanakhala wotsimikiza akanakana. Ndinadziuza zimenezo mpaka ndinazikhulupirira, ndipo nkhaniyo inagona.

Ku Chisepo inadzuka. Poyamba ndinayesa kudzitonthoza ndi maganizo akuti gaidiyo anali wolimba mtima pamene dalaivala anali wamantha. Koma maganizowo sanapirire mpaka m'mawa. Gaidiyo anali ndi poimira. Kumbuyo kwake kunali ofesi imene ikanamumvera, magaidi anzake amene akanachita chimodzimodzi, ndi mbiri ya anthu amene anafera pamenepo. Akanataya kangachepe ka ulendo umodzi. Dalaivala wanga akanakana, akanataya zonse, ndipo kumbuyo kwake kunalibe aliyense, chifukwa ine ndinali nditaonetsetsa kuti pa depoti pasakhale munthu kapena lamulo loposa mawu anga. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, amatero akuluakulu. Iye anamva, anabwera pachitseko, ine n'kuchitseka. Kunena kwake kozungulira kuja sikunali kukayika. Ndi mmene munthu wamkulu waulemu amauzira bwana wake kuti galimoto ipha anthu, ndipo ine, wobadwira momwemuno, ndinkadziwa bwino lomwe.

Kutacha ndinawauza anzanga nkhani yonse tikumwa tiyi. Palibe anandidzudzula, palibenso anandipepesa. Mayi wa kubanki anangofunsa kuti, "Ndiye bamboyo ali kuti pano?" Ndinalibe yankho.

Ndisanapitirize, ndinene chimodzi kwa mabwana anzanga amene akamva nkhani ngati iyi amathamangira kukonza ulendo wa antchito onse kuphiri, ndi matisheti olembedwa dzina la kampani. Kuyenda n'kwabwino, pitani. Koma musayembekezere zimene zinandichitikira ine. Bwana akakwera phiri ndi antchito ake amakhalabe bwana. Amunyamulira chikwama asanapemphe, aseka nthabwala zake ali wefuwefu, ndipo gaidi akati tibwerere, onse ayang'ana nkhope ya bwana kaye. Ine chinandithandiza n'chakuti kumeneko sindinali kanthu. Ndinali mdala wonenepa wa nsapato zolakwika, wodalira mwana wa eni. Ndiponso phiri silisintha aliyense. M'gulu lathu lomwelo muli amene anatsika n'kuika zithunzi pa Facebook ndi mawu olimbikitsa za kugonjetsa zovuta, Lolemba n'kukakalipira anthu monga kale.

Nditabwerera ku depoti ndinasiya kufunsa funso langa lija. Ndinayamba kuvala ovolosi m'mawa n'kuzungulira malole ndi amakaniko, n'kumati, "Ndionetseni tayala limene simukulikhulupirira," kapena, "Pa malole onsewa, ndi iti imene simungakweremo ndi mwana wanu?" Masabata oyamba ankangoyang'anana, poganiza kuti ndi msampha. Ndinaika buku m'galaja: dalaivala akalembamo kuti lole ili ndi vuto la mabuleki, chiwongolero kapena matayala, loleyo sinyamuka mpaka makaniko wamkulu asaine, ndipo ine ndilibe mphamvu yosainira m'malo mwake. Lamulo limenelo ndinalitumiza kulikulu kuti alivomereze, kuti tsiku limene ndidzapse mtima ndisadzathe kulifafaniza ndekha. Tsiku limenelo lafikapo kale, kangapo. Malole ayamba kuchedwa nthawi zina, ndipo dzina langa silitchulidwanso pamisonkhano monga kale. Alipo madalaivala ena amene amalemba m'bukumo Lachisanu pofuna kugona kunyumba. Ndimawadziwa, ndipo ndimawalekerera kuposa mmene ndiyenera, chifukwa njira yowagwirira popanda kuopseza enawo ndikuifunafunabe.

Chovuta kwambiri chinali kalata. Ndinalembera akuluakulu kuti lipoti langa la ngozi ija linasiya mfundo yaikulu, ndipo ndinaifotokoza. Anandiitana. Ndinalandira chenjezo lolembedwa, ndipo bonasi ya chaka chimenecho sindinaione. Anavomera kusintha zolembedwa m'fayilo ya dalaivala uja, kumulipira zimene anamumana, ndi kumupatsa kalata yomuchitira umboni wabwino.

Ndinamupeza atayamba kuyendetsa minibasi ya munthu wina, ya Limbe ndi Bangwe. Anali atakalamba kuposa zaka zimene zinadutsapo. Ndinamudikira pa siteji mpaka atafika pamzere, n'kumupempha kuti tiime pambali. Ndinanena zimene ndinabwerera, mawu akundithawa. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, anawerenga kalatayo pang'onopang'ono, n'kuipinda bwinobwino. Ndinamuuza kuti malo ake alipo ngati angafune kubwerera.

"Zikomo, bwana. Koma kumeneko ayi." Anaika kalatayo m'thumba la malaya. "Nanga mnyamata uja munakamuona?"

Ndinali ndisanapiteko. Chipukuta misozi kampani inalipira monga mwa lamulo, ndipo ine ndinali nditawerengera kuti nkhani yake inathera pomwepo. Anandilembera dzina la mudzi kuseri kwa envelopu, kondakitala akumuitana kuti minibasi yadzaza.

Loweruka lotsatira ndinapita. Mnyamatayo amayenda chotsimphina, ndipo ntchito yokweza ndi kutsitsa katundu sangaigwirenso. Anandilandira bwino, anandipatsa mpando, anandimvetsera. Nditamufunsa chimene ndingachite, anati anaphunzirako zosoka kwa amalume ake, chimene alibe ndi makina. Ndinamugulira ndi ndalama zanga, ndipo pano amasoka mayunifolomu a ana asukulu pakhonde la golosale ina ya pamsika wa kwawoko. Ndimadutsako nthawi zina. Mayi ake tsiku loyamba lija anandiyang'ana kuchokera pakhomo la khitchini osandipatsa moni, ndipo mpaka lero sandipatsa.